Chaka Chimene Tinatsuka Mabedi M'nyanja

Ntchito ya chipatala ine sindinaiphunzire m'kalasi. Sukulu ndinangoilawa zaka ziwiri, kenaka bambo anati dzanja logwira sileti likhoza kugwiranso nkhafi. Ntchitoyi ndinakaiphunzirira ku Joni, pansi pa mgodi, kumene ndinali mmodzi wa onyamula machira mwala ukagwera munthu. Anandisankha chifukwa cha zinthu ziwiri, msana ndi mawu. Ndikakuwa kuti "Patukani!" njira inkatseguka mpaka kuchikepe. Nditabwerera kwathu ku Nkhata Bay, zinthu ziwiri zomwezo zinandipezera malo pa chipatala chaching'ono cha mishoni, pamtunda, ukachoka kudoko n'kukwera chitunda chija chothetsa munthu nkhani m'kamwa.

Ndinali wa m'wodi ya amuna. Kusesa, kuchapa mabandeji, kuwiritsa majekeseni, kugwira miyendo ya munthu pomutsuka chilonda, kunyamula amoyo ndi akufa omwe, zonsezo zinali zanga. Bwana wanga anali adokotala athu, Mtonga mnzathu, wophunzira kwambiri, mkulu wa mpingo. Azungu ankawatcha wothandizira dokotala chabe, koma dokotala amene ankamuthandizayo ife tinkamuona mwa apo ndi apo. Anali munthu wabwino, koma mawu awo ngati a njiwa. Akati, "Mapiritsi awa muzimwa m'mawa ndi madzulo," wodwala ankangoyang'ana ine. Ine n'kubwereza, ndipo ankamva ndi wa pabedi lomaliza, ndi amayi ophika kuseri kwa mpanda.

Mankhwala, mabulangete ndi sopo zinkadalira thandizo la boma. Mishoni inali ndi mapemphero ambiri, m'thumba mochepa. Kale boma linkangotumiza thandizolo osafunsa zambiri. Koma chitaganya cha maiko atatu chija chitayamba, nkhani za zipatala zinachoka ku Zomba n'kupita m'manja mwa anthu a ku Salisbury, ndipo zinthu zinasintha. Adokotala anandifotokozera kuti tsopano thandizo lizitsata mabedi amene pagona odwala. Bedi lopanda munthu, boma sililidziwa. Munthu wopanda bedi, boma silimudziwanso.

Tsiku lina dokotala wa boma, mzungu wamtali wovala kabudula, anatsika sitima n'kukwera kudzationa. Analowa m'wodi mwanga. Mabedi analimo khumi ndi awiri, achitsulo, koma ogonapo anthu anali asanu okha. Odwala ena onse anali pamphasa, ena pakati pa mabedi, ena pakhonde, atasakanikirana ndi abale awo owadikirira. Mzunguyo anawerenga ndi pensulo, analemba, ine sanandifunse kanthu, n'kubwerera kusitima.

Patapita masabata angapo kalata inafika. Adokotala anandiitanira m'kachipinda ka mankhwala n'kutseka chitseko.

"Ada, akuti wodi yanu ilibe ntchito. Akuti anthu a pansi aja ndi alendo odzacheza. Mzungu uja abweranso mwezi wamawa. Akadzapeza zomwe zija, wodi ya amuna atseka, mabedi atenga, thandizo lake adula."

"Nanga amuna akadwala azikagona kuti?"

"Ku Chintheche. Musakuwe, ada."

"Sindikukuwa, ndikufunsa! Munthu wa chibayo ayende pansi mpaka ku Chintheche? Afika ndi mutu wokha!"

Pomwepo ndinapereka nzeru yanga yoyamba. Ndinati tsiku lobwera mzunguyo tidzagoneke aliyense pabedi, kaya wodikirira, kaya ine amene, tidzafunde bulangete n'kumabuula. Adokotala anapukusa mutu.

"Ine bodza ayi. Komanso mukudziwa bwino kuti ngakhale odikirirawo sangagonepo."

Ankanena zoona. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa kupatula boma. Kwathu kuno munthu sagona pabedi pamene pafera munthu wina, ndipo mabedi asanu ndi awiri aja onse anali ataferapo anthu. Munthu akamwalira ine ndinkatentha udzu wa m'matiresi, kuwiritsa thumba lake, kupukuta chitsulo chonse ndi mankhwala onunkha mpaka kumsewu. Koma wodwala watsopano ukamulozera bedi limenelo, ankati, "Yewo, ada, ine pansi pomwepa pali bwino, msana wanga sugwirizana ndi chitsulo."

Ndinaganiza kuti anthu amaloweza malo, kuti bedi lakuti lili pafupi ndi zenera, lakuti lili kuchitseko. Ndiye m'mawa wina, odwala atatuluka kukaothera dzuwa, ndinasokoneza mabedi onse. La kuzenera ndinalipititsa pakati, la pakati kuchitseko, mpaka ine mwini wake sindinathenso kuwasiyanitsa. Tsiku lomwelo kunabwera msodzi wa ku Chikale, ali ndi chilonda chachikulu pamwendo, chija chodya mnofu mpaka fupa kuoneka. Ndinamukhazika pabedi. Asanagone, mkazi wake anagwada, napisa dzanja kunsi kwa bedi, n'kumapapasa. Ananong'oneza mwamuna wake, ndipo munthu uja anatsika, mwendo wowawawo ali nawo, n'kuyala mphasa.

Ndinakwawira pansi pa bedilo kuti ndione chimene mayi uja wapeza. Pachitsulo chopingasa panali kaluzi, komangidwa mfundo ziwiri. Ndinakwawa wodi yonse. Mabedi asanu ndi awiri aja onse anali ndi luzi, ena limodzi, ena atatu. Zaka zonse zija ndikusesa pansi pa mabedi amenewo, sindinayang'anepo m'mwamba.

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndipo ndilemba mmene zinalili. Ndinatenga mpeni, ndinadula luzi lonse, ndinatuluka nalo panja masana dzuwa lili pamutu, n'kuliponya pamoto wa amayi ophika aja.

"Taonani nonse! Muno mulibenso bedi la maliro! Onse ndi ofanana!"

Ndinapita kukatunga madzi, ndikuyenda ngati tambala. Pobwera ndinapeza asanu aja, amene ankagona pabedi mwamtendere, atsika onse. Mabedi ndinali nditawasokoneza, zizindikiro ndadula, tsono panalibe munthu wodziwa kuti labwino ndi liti. Mabedi khumi ndi awiri, onse mbee, mabulangete opinda bwino. Mzungu atatsala masabata atatu kuti afike.

Adokotala analowa, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena ndi kamawu kawo kaja, "Ada, mwagwira ntchito." Bola akanandimenya.

M'mawa mwake kunabwera alamu anga, mkazi wa malemu akulu anga. Akulu angawo anamwalira ndi chibayo m'wodi momwemo zaka ziwiri m'mbuyomo. Alamu anali akuchokera koviika chinangwa, dengu lili pamutu, ndipo sanalitule n'komwe.

"Alamu, ndamva mwatentha luzi langa."

"Lanu?"

"Nanga mumayesa limamera lokha? Ndinamanga ndine, tsiku limene munanyamula akulu anu kupita nawo kumudzi."

"Inunso, alamu? Munthu wa mpingo, woimba kwaya, mukuchita nawo zimenezi? Mukufuna chipatala chitsekedwe?"

"Tsitsani mawu, sindili kutsidya kwa nyanja. Tamverani. Akulu anu atamwalira, zovala zawo tinakachapa kunyanja. Mphasa yawo, mbale yawo, zonse. Ifenso tinakasamba. Nyumba tinasesa. Chinatsala chinthu chimodzi, chimene anagonapo masiku awo omaliza. Anatsuka ndani?"

"Ine! Ndi mankhwala achizungu!"

"Munatsuka ngati wantchito, muli nokha, chitseko chotseka. Anaona ndani? Chinthu cha maliro amatsuka ndi eni maliro, anthu akuona. Luzi lija si mankhwala, alamu. N'kumuuza mnzako wobwera pambuyo kuti pano ntchito sinathe."

Ndinati tsopano ndadula kale, ndasokoneza kale, bedi lawo alidziwa bwanji? Apa ndi pamene anatula dengu. Analowa m'wodi, akuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana kumutu kwa bedi lililonse. Anaima pa lina limene penti wake anali atasupuka malo amodzi, kukula ngati chikhatho cha mwana.

"Ndi ili. Apa ankagogoda ndi kapu akafuna madzi."

Ndinafunsa kuti kodi ena onse angadziwe mabedi awo chomwecho. Alamu anati munthu amene wakhala pansi sabata yathunthu akuyang'ana bedi limodzi saliiwala.

Ndinapita kwa adokotala. Anamvetsera, zala atazilumikiza, nkhope ili yolemera.

"Ada, ine ndine mkulu wa mpingo. Abusa akamva kuti chipatala cha mishoni chikuchita miyambo ya maliro kunyanja, ndikayankha chiyani?"

"Mukati tikutsuka mabedi. Ndi bodza? Kulibe ng'oma, kulibe mankhwala a munthu, kulibe mowa. Sopo, mchenga ndi madzi. Kodi buku lanu limaletsa mkazi wamasiye kugwira sopo?"

Adokotala anamasula zala zija. Kenaka anati, "Tidzayambe ndi pemphero. Ndipo sopo musamalize."

Tsopano inafika ntchito imene Mulungu anandipangira kukhosi kuno. Tsiku la sitima, pamene doko limadzaza anthu a m'midzi yonse, ndinakwera pamwamba pa madiramu a palafini n'kuyamba.

"Inu nonse amene munatayapo munthu m'wodi ya amuna! Loweruka m'mawa mubwere kuchipatala! Mudzaloze bedi la m'bale wanu, tidzapite nalo ku Chikale, mukalitsuke nokha ndi manja anu! Mukapanda kubwera, boma litenga mabedi, ndipo mwana wanu akadzadwala mudzamubereka mpaka ku Chintheche!"

Amtengatenga a padoko, anyamata a pakamwa aja, anayamba kundiseka.

"Ada a chipatala, lero mukugulitsa mabedi? Tipatseni limodzi la akazi awiri!"

"Mukamaliza mukamutsukenso mzungu wanuyo!"

Ndinaloza wamkulu wawo. "Iwe, tsiku limene thumba la simenti lidzakuthyole msana, ndidzakunyamula ndine. Koma wodi ikatsekedwa ndidzakutula pamchenga pomwepa, akhwangwala akuyeze malungo!"

Anthu anaseka, koma uthenga unalowa. Masiku otsatira ndinayenda m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kwina pansi, kwina pabwato. Sindinkagogoda pakhomo. Ndinkaima pakati pa mudzi n'kulankhula kamodzi, basi, mudzi wonse wamva.

Loweruka ndinafika kuchipatala ndili ndi mantha, ngakhale sindinauze munthu. Ndinapeza anthu atakhala kale pakapinga, amayi ambiri, madoda angapo. Analowa m'wodi banja ndi banja. Wina anadziwa lake ndi mwendo wopindika, wina ndi waya womangira pamene sipuling'i inaduka. Mabedi ena anaimiriridwa ndi mabanja awiri kapena atatu, anthu osadziwana, akupatsana moni pamwamba pa bedi limodzi. Adokotala anapemphera, ine n'kubwereza ameni kuti amveke. Kenaka tinanyamula. Amuna awiriawiri bedi limodzi, koma la akulu anga ndinasenza ndekha pamutu, ndikutsogolera, kutsika chitunda, kudutsa pamsika, mpaka ku Chikale. Anthu ankatuluka m'masitolo kudzaona mabedi akuyenda mumsewu.

Tinawaimika m'madzi ofika m'mawondo. Alamu anga ndiwo anayamba. Anatapa mchenga, anapaka sopo, n'kumakwecha kumutu kuja pamene penti anasupuka. Poyamba kunali zii, kumangomveka mchenga pachitsulo. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi, anzake n'kumugwira. Kenaka wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ntchito inayenda. Dzuwa litakwera, kulira kunasanduka nkhani. Mkulu wina, akukwecha mwendo wa bedi, anati, "Mwana wanga anafera pano, koma inenso ndinachirira pomwepa chaka cha njala ya chinangwa. Bedi ili lili ndi mlandu umodzi ndi ubwino umodzi." Mayi wa banja lina la bedi lomwelo anamuyankha, "Ndiye kwechani mbali ya mlanduyo, ada, mukungosisita!"

Mabedi awiri, amene anatilozera ndi mabanja a mabedi oyandikana nawo, anatsala pamchenga opanda wowagwira. Limodzi linali la mnyamata amene bambo ake anakana kubwera. Ndinapita kwawo kawiri, ndipo kawiri konse anandiuza kuti chipatala chinawadyera mwana, chitsekedwe n'chitsekedwe. Amenewo mawu anga sanawathe. Bedi lawo tinalibweza momwe linalili.

Linalo linali la mchona wina amene anatsitsidwa m'sitima ali chikomokere, akuchokera kumigodi, n'kumwalira osatchula mudzi wake. Luzi lake anamanga ndi amayi a bedi loyandikana nalo, pomumvera chisoni. Ndinati nditsuka ndine, poti tonse tinadya fumbi limodzi. Alamu anakana.

"Inu ndinu wa chipatala. Anamuika m'manda ndani?"

Ndinakumbukira kuti anali amtengatenga a padoko. Ndiwo anamunyamula kuchoka m'sitima, ndiwonso anakumba manda, poti panalibe wina. Ndinaima pamwala n'kuitana kuloza kudoko. Anthu amakana ndikanena kuti anandimva kuchokera ku Chikale, amati alipo anathamanga kukawauza. Zawo zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti anabwera anayi, wamkulu wawo uja ali patsogolo, chipewa chili m'manja.

"Ada, akuti m'bale wathu uja ali ndi bedi kuno."

Analowa m'madzi osaseka ngakhale pang'ono, ndipo anakwecha bedi limenelo mpaka linawala kuposa onse.

Masana tinayanika mabedi padzuwa, tinathira udzu watsopano m'matiresi, n'kukwera nawo. Koma kutsuka ndi kwina, kugonapo ndi kwina. Odwala anangokhala pamphasa zawo akuyang'anizana, aliyense akudikira mnzake. Alamu anapita kwa msodzi wa chilonda uja.

"Ada, bedi ili linali la amuna anga. Ndalitsuka ndekha, akazi anu aona. Gonanipo."

Msodzi anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anagwada monga mwa chizolowezi, anapapasa kunsi, sanapeze kanthu, n'kuyamba kuyala nsalu. Munthu uja anakwera, anatambasula mwendo wake, n'kunena kuti, "Ha, kani pansi paja ndimangozunzika." Dzuwa lisanalowe, mabedi khumi ndi limodzi anali ndi anthu.

Mzungu anabwera pa nthawi yake, kabudula yemweyo, pensulo yomweyo. Anawerenga. Anabwerera kuchitseko n'kuwerenganso. Kenaka anawerama, anakanda mwendo wa bedi ndi chala, n'kufunsa adokotala m'Chingerezi kuti dzimbiri ili lachokera kuti. Adokotala anayamba kufotokoza chapansipansi, akusankha mawu. Ine Chingerezi changa n'chopunduka, koma ndinali nditamva mzunguyo akukalipira womunyamulira chikwama m'Chilapalapa, chiyankhulo cha kumigodi. Ndinati mumtima, uyu ndi wanga.

Ndinamuuza zonse m'Chilapalapa chomwecho, za luzi, za alamu, za ku Chikale, ngakhale za kupusa kwanga kodula luzi. Adokotala ankandikoka malaya kumbuyo, ine osaleka. Kenaka ndinamutengera kwa anthu a pamphasa, chifukwa odwala anali ochuluka kuposa mabedi.

"Bwana, ulendo watha munati awa ndi alendo. Taonani!" Ndinakweza nsalu ya mkulu wina, bandeji poyera. "Mlendo amabwera ndi ichi? Uyu wodwala. Uyu mkazi wake. Uyu wodwala, tamverani chifuwa chakecho. Uyu mlongo wake. Mukafuna kudziwa, funsani ine, musafunse pensulo!"

Mzunguyo anatulutsa chomvera m'chifuwa chija n'kugwada pamphasa. Anayeza anthu a pansi onse, mmodzimmodzi, mawondo ake oyera ali pasimenti. Atamaliza analoza bedi lopanda munthu lija n'kufunsa chifukwa chake. Ndinamuuza kuti mwini maliro sanakhululuke, ndipo ife sitingamukakamize. Analemba zimenezonso. Potuluka anauza adokotala mawu ena, ndipo adokotala anadikira mpaka mzungu atatsika chitunda kuti andimasulire.

"Akuti m'zipatala zonse zimene wayenda, sanakalipiridwepo chonchi."

"Wakwiya?"

"Sindikudziwa, ada. Azungu akakwiya ndi akakondwa amafiira chimodzimodzi."

Tinadikira mwezi ndi theka. Kalata itabwera, adokotala sanatseke chitseko. Anaima pakhonde n'kundiuza kuti ndibwereze mokweza zimene aziwerenga. Wodi ya amuna sitsekedwa. Thandizo lipitirira. Ndipo poti odwala apezeka ochuluka kuposa mabedi, boma litumiza mabedi ena asanu ndi limodzi, ndi zitini ziwiri za penti. Ndinabwereza mawu amenewo katatu, ngakhale adokotala anawerenga kamodzi. Amayi a kuseri kwa mpanda analuluta mpaka agalu a kumsika anayamba kuuwa.

Kuyambira pamenepo, munthu akamwalira m'wodi mwanga, maliro akatha abale ankabwera, ine n'kusenza bedi kutsika nawo kunyanja. Adokotala anazilemba pa ndandanda ya ntchito za m'wodi, pakati pa kuwiritsa majekeseni ndi kuchapa mabulangete. Ndinagwira ntchito imeneyo mpaka msana unayamba kukana.

Mabedi atsopano anafika pa sitima mvula itayamba, atakulungidwa m'masaka. Amtengatenga aja sanalole munthu wina kuwagwira. Anawakweza chitunda chonse mvula ikuwakwapula, akuimba nyimbo zawo zotukwana, ine ndili patsogolo kutsegula njira. Titafika, wamkulu wawo anatula bedi lake pakona ya kuzenera, analigonera ndi matope ake omwe, manja kunkhongo.

"Ada, ili mundisungire. Simenti ija ikadzandithyola, ndidzagone apa."

"Tsika, wadetsa bulangete la boma!"